Ukonde womwe unawakha amisiri 19 pa Golden Gate

Ine pamwamba ndimaopa, abale, sindibisa. Chigwereni malume anga pa nsanja ya mitengo ya bulugamu akupaka pulasitala, n'kuthyoka msana, ngakhale makwerero sindiwakhulupirira. Ndiye tangoganizani kunjenjemera kwa miyendo yanga tsiku lomwe ndinayenda pa mlatho wa Golden Gate ku San Francisco, m'dziko la America.

Mphepo yake yoposa chiperoni, nkhungu kuti bii, madzi ali pansi uko mamita 67. Kukweza maso, nsanamira ziwiri zofiirira zatalika mamita 227. Eti anthu ankalongedwa ntchito pamwamba pamenepo!

Ntchitoyi inayamba mu 1933. Masiku amenewo omanga milatho ankawerengera kuti pa madola miliyoni imodzi iliyonse pafa munthu mmodzi. Mlathowu unadya madola 35 miliyoni, ndiye maliro ake werengani nokha. Koma injiniya wamkulu, a Joseph Strauss, masamu amenewo anawakana. Analamula kuti aliyense avale chipewa cholimba, amangirire chingwe m'chiuno, ndipo wochita masewera odzionetsera pamwamba ntchito imamuthera pompo.

Chachikulu chinali ukonde. Mu 1936 anauyala kunsi kwa mlatho, pa mtengo wa madola 130,000. Sukoma kuuona, suwonjezera njerwa pa ntchito, komatu amisiri 19 omwe anaterereka anagwera m'menemo, amoyo. Pofuna kuseka imfa anadzitcha Halfway to Hell Club, ati poti ulendo wa ku Gehena anaubwerera panjira. Anzawonso ntchito inayamba kuwayendera msanga, mtima uli m'malo.

Komabe tisanamizane. Pa 17 February 1937 nsanja yolemera inathothoka, n'kugwera mu ukondemo pamodzi ndi anthu. Ukonde wowakha munthu sukanatha kunyamula zitsulo ndi matabwa, unang'ambika. Anthu 12 anatsikira m'madzi, 10 anafa. Apa m'pomwe pulani inaperewera: anaganiza za munthu woterereka, za nsanja yomwe wapondapoyo ayi. Pofika tsiku lotsekulira mlatho, 27 May 1937, onse omwalira anali 11.

Pobwerera ndinayenda nditagwira chitsulo cha m'mbali, azungu ondidutsa panjinga akundiseka. Mutu wanga unali pa malume. Iwo anagwa kuchokera pa nyumba ya nsanjika imodzi yokha, ndipo pansi pake panali mulu wa njerwa.