Khadi limodzi, mabowo anayi

Loweruka lina ndinagwada kuseri kwa seva mu ofesi ina ku Lilongwe kwa ola lathunthu, foni ili kukamwa kuti indiunikire, ndikusakasaka intaneti yomwe inasowa popanda waya ndi mmodzi yemwe wozuka. Chimene ndinachita chinali chaching'ono: ndinabaya khadi latsopano mu slot yomwe inkangokhala, n'kuyatsanso makinawo. Timagetsi ta pamabowo tinkaphethira bwinobwino. Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito anati, "Achimwene, mwina khadi lakale lija lapsa." Silinapse. Linangosintha dzina. Bowo lomwe Lachisanu linali enp3s0f0 linadzuka lili enp4s0f0, ndipo malamulo onse a firewall ankaitanabe dzina lomwe mwini wake anali atalisiya.

Ife tikagwira khadi la network timaona chitsulo chimodzi cha mabowo anayi. Linux imaona mbumba. Lembani lspci -t muone: pamwamba pali kholo, pansi pake milatho, ndipo kuseri kwa mlatho uliwonse kuli bus yake yokhala ndi nambala. Chida chilichonse chili ndi keyala yonga 0000:03:00.2, kutanthauza bus 3, chida 0, function 2. Pa keyala wamba yotere chida chimodzi chimatha kukhala ndi ma function asanu ndi atatu, kuyambira 0 mpaka 7. Manambala a bus amagawidwa pamene makina akudzuka, motsata mmene firmware yayendera milathoyo. Khadi langa latsopano linakhala kutsogolo pamzere, choncho onse akumbuyo anasunthira nambala yotsatira. Mlendo anabwera n'kusintha makeyala a eni mudzi.

Apa ndi pamene dalaivala amalowera. Si wa minibasi ayi, ngakhale kuuma mutu nthawi zina amafanana. Ndi pulogalamu yomwe imalankhula ndi chitsulocho m'malo mwa kernel, ndipo ndiyo imauza kernel kuti m'nyumba muno muli ana angati.

Khadi la Intel I350-T4, lomwe ndalimanga kambirimbiri, ndi banja losavuta. Bowo lililonse lili ndi function yakeyake, 0 mpaka 3. Kernel imaitana dalaivala wotchedwa igb kanayi, ndipo ulendo uliwonse iye amalembetsa mwana mmodzi. Ana anayi a mimba imodzi, koma aliyense ndi khomo lake. Mukalowa mu /sys/class/net mupezamo mayina okha oloza kwina. Kwawo kwenikweni ndi mu /sys/devices, pansi pa keyala ya function ija. N'chifukwa chake dzina loti enp3s0f2 limawerengeka ngati kalata: en ndi Ethernet, p3 ndi bus, s0 ndi malo a chidacho, f2 ndi function.

Mellanox ConnectX-3 ya mabowo awiri ndiyo inandiphunzitsa kuti mabanja amasiyana. Nditaimanga koyamba, lspci inaonetsa mzere umodzi wokha, ndipo ndinatsala pang'ono kuibweza kwa wogulitsa poganiza kuti bowo linalo ndi lakufa. Khadi limeneli lili ndi function imodzi basi. Dalaivala wake ndi wa magawo awiri: mlx4_core amagwira chitsulo chonse, kenako mlx4_en amalembetsa ana awiri pansi pa kholo limodzi lomwelo. Awa ndi mapasa ogona chipinda chimodzi, keyala yawo ndi imodzi. Chowasiyanitsa ndi kafayilo kotchedwa dev_port, komwe kanalowa mu Linux 3.15 m'chaka cha 2014: woyamba 0, wachiwiri 1. Ndiye chifukwa chake wachiwiriyo amanyamula kamchira, enp3s0d1, pomwe mnzake ndi enp3s0 chabe. Amene amalemba ma script owerenga mabowo pongowerenga mizere ya lspci amagwa pomwepa, ndipo inenso ndinagwapo.

Palinso makhadi akale a Intel PRO/1000 PT a mabowo anayi, omwe timawapeza m'maseva a kaunjika. Kunja amaoneka ngati I350 yomweyo. Mkati muli ma chip awiri a mabowo awiriawiri, ndi ka switch ka PCIe kowagawira njira. Linux imawaona ngati mabanja awiri oyandikana, lililonse pa bus yake.

Anyamata a masiku ano amadandaula kuti mayinawa ndi ataliatali, ena amalakalaka eth0 ndi eth1 zomwe sanavutike nazo. Ine ndinavutika nazo. Kalelo dzina loti eth0 linkapita kwa amene walembetsedwa koyamba, ndipo pa makina a makhadi osiyanasiyana mpikisanowo sunkatha mofanana tsiku lililonse. Magetsi akathima n'kubweranso, unkatha kupeza bowo la kunja latenga dzina la bowo la mkati, firewall n'kumalondera khomo lolakwika. Mayina atsopanowa anabwera ndi systemd 197 mu 2013. Kukongola alibe, koma sanama: amakuuza pamene chida chakhala pa mzere wa makolo ake. Vuto lake n'lomwe ndinaliona Loweruka lija, mzerewo ukasuntha nawonso amasuntha. FreeBSD imatchula mwana ndi dzina la dalaivala, igb0, igb1, pomwe Windows imangowonjezera #2 ndi #3 pa dzina la khadi. Onsewa ali ndi nzeru zawo.

Koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene amakulonjeza kuti function 0 ndi bowo lakumwamba kapena lakumunsi. Zimenezo zimatengera mmene opanga anayalira khadilo ndi mmene lagonera m'makinamo. Choncho ine sindilosera. Ndimalemba ethtool -p ndi dzina la bowolo, mnyamata uja n'kupita kuseri kukaona kagetsi komwe kakuphethira. "Chachiwiri kuchokera kumunsi, achimwene!" Ndimadula tepi yoyera, ndimalembapo, ndimamata. Ndiye ndimatenga MAC ya bowo lililonse n'kuilemba mu fayilo ya .link mu /etc/systemd/network, kuti dzina limamatire ku chitsulocho, lisamayendenso ndi nambala ya bus. Mayina ndimasankha ndekha, bola asapitirire zilembo 15 zomwe Linux imalola. Seva ya mu ofesi ija lero ili ndi mabowo otchedwa kunja, mkati, alendo ndi nkhokwe, ndipo amene anadzagwira ntchito pambuyo panga sanafunikire kundiimbira foni kuti afunse waya wa intaneti ndi uti.

Anzanga a ntchitoyi, musanabaye khadi lililonse mu seva yomwe anthu akuidalira, sungani kaye zomwe lspci -t ndi ip link zikuonetsa, pa pepala kapena pa foni yanu. Musazisiye m'seva momwemo, chifukwa ikakana kulankhula nanu pa network mudzaziwerenga mutagwada.