Njanji ili ndi eni ake

Okondedwa amalume,

Kuno ku Chicago kuzizira kwayamba, koma ndikupirira.

Sabata yatha ndinakukumbukirani. Ndinakwera sitima, ndiye tili pakati pa minda ya chimanga inangoima zii. Tinadikira mpaka sitima ya katundu inadutsa, mabogi ake ndinawerenga mpaka kutopa. Mumtima ndinati, kodi ndili ku America kapena kwathu pa Nkaya?

Inu a njanji nkhaniyi ikusangalatsani. Sitima zonyamula anthu maulendo ataliatali kuno zimayendetsedwa ndi Amtrak, yomwe boma linakhazikitsa, ndipo inayamba ntchito mu 1971 makampani a njanji atatopa ndi kuluza ponyamula anthu. Anatula anthuwo, koma njanji sanatule. Kotero m'madera ambiri Amtrak ndi mlendo, imachita kulipira kuti idutse pa njanji ya eni. Akakanika kugwirizana za malipiro, amakawaweruza ndi bungwe la boma la Surface Transportation Board.

Lamulo la mu 1973 likuti sitima ya anthu izidutsa poyamba, ya katundu izidikira. Papepala zili bwino. Koma wouza sitima kuti iyi ipite, iyi iime, ndi wantchito wa mwini njanji. Komanso sitima za katundu anazitalikitsa moti zina sizikwana pa njanji yopatukira. Nanga yopatuka ikhala iti? Yaifupi, ya anthu.

Boma linaika muyezo mu 2020: okwera 80 mwa 100 alionse azifika asanachedwe kupyola mphindi 15. Zikalephereka kwa miyezi ingapo, bungwe lija likhoza kufufuza. Chondidabwitsa n'chakuti Amtrak payokha singakasume kukhoti pa nkhani yodutsa poyambayi, wosuma ndi boma basi. Linasumira kampani ya Norfolk Southern mu 2024 chifukwa chochedwetsa sitima ya Crescent, ya pakati pa New York ndi New Orleans. Mlandu wina wotere unali wa mu 1979! Zaka 45, amalume, mwana n'kubadwa mpaka kuona zidzukulu.

Tandiuzani, njanji yathu itapita m'manja mwa kampani ya CEAR mu 1999, za sitima ya anthu ya ku Limbe mpaka ku Nayuchi anagwirizana zotani ndi boma? Nanga ikakumana ndi ya malasha a ku Moatize, yodikira imakhala iti? Mundilembere, musangoti tidzakambirana ukadzabwera.

Mupereke moni kwa agogo. Muwauze kuti nsinjiro zija zatha kalekale.

Ndine mwana wa mlongo wanu.