Foni ikalira ku bullpen

Silver Spring, Maryland
18 Sepitembala 2019

Achimwene,

Mwandifunsa chifukwa chimene uthenga wanga ukumakufikirani m'bandakucha masiku ano. Mlandu ndi wa baseball. Masewera a Washington Nationals amayamba cha m'ma 7 koloko madzulo, kumudziko ili 1 koloko usiku, ndipo amadya maola atatu. Akatha, tulo timandithawa, chifukwa timu imeneyi ili ndi nthenda imodzi: imatsogola bwinobwino mpaka kumapeto, kenaka n'kumwaza zonse.

Ndikufotokozereni pang'ono, poti inu a Bullets za ndodo ndi kampira kakang'ono simuli nazo ntchito. Masewera amodzi ali ndi zigawo 9, ndipo zonse zimayambira m'dzanja la woponya mpira. Woponya woyamba amagwira zigawo 6 kapena 7. Akafika pa mipira pafupifupi 100, mkono umayamba kulemera, mphunzitsi amayenda kupita pakati pa bwalo, namulanda mpira. Wotuluka sabwereranso. Zigawo zotsalazo ndi za anthu 7 kapena 8 amene amakhala kuseri kwa mpanda, kutali kumapeto kwa bwalo, pamalo otchedwa bullpen. Pakhoma pawo pali foni. Ikalira, onse amatembenuka. Wotchulidwa dzina amavula jekete, n'kuyamba kutenthetsa mkono, ndipo pakangotha mphindi zochepa ali pamaso pa khamu, kawirikawiri zinthu zitaipa kale.

Oponya oyamba a timu yathu ndi akadaulo. Max Scherzer analembedwa pa $210 miliyoni, Stephen Strasburg pa $175 miliyoni, ndipo Patrick Corbin wabwera chaka chino pa $140 miliyoni. Omenya mpira nawonso sasewera: Anthony Rendon ali pachimake, Juan Soto ali ndi zaka 20 zokha koma oponya achikulire amamuopa. Ndalama zinathera kumeneko. Ku bullpen a Mike Rizzo, amene amagula ndi kugulitsa osewera, anangotolatola zotchipa n'kumayembekeza mwayi. Zotsatira zake, pa zigawo 9 zilizonse anthu a ku bullpen amachinyitsa zigoli zoposa 5, ndipo mu National League monse palibe bullpen yofooka kuposa yathu.

Mwayi woyamba anauyesa pa Trevor Rosenthal, yemwe kale ankatseka masewera ku St. Louis koma chaka chatha chonse sanaponye chifukwa cha opaleshoni ya chigongono. Liwiro linalipo, koma mpira sunkamumvera. M'masewera ake anayi oyambirira sanatulutse womenya ngakhale m'modzi. Mu Juni anamutsanzika. Pofika pa 23 Meyi timu inali itapambana masewera 19 n'kugonja 31, ndipo pawailesi anthu ankangofunsa tsiku limene mphunzitsi Dave Martinez achotsedwe ntchito.

Sanachotsedwe, ndipo timu inadzuka. Kuyambira kumapeto kwa Meyi yakhala ikupambana ngati ina. Gerardo Parra wa ku Venezuela anabweretsa nyimbo ya ana ija ya Baby Shark, moti akamapita kukamenya, bwalo lonse la Nationals Park, madoda a imvi omwe, limaomba m'manja motambasula mikono ngati kukamwa kwa nsomba. Koma kumbuyoku munthu wodalirika anali m'modzi yekha, Sean Doolittle, wamanzere wandevu zofiira, wovala magalasi. Pakakhala mpata wa chigoli chimodzi, Doolittle. Pakakhala wa zigoli zitatu, Doolittle. Wina akasokoneza m'chigawo cha 8, Doolittle alowe msanga. Pofika pakati pa Ogasiti anali ataponya m'masewera oposa 50, ndipo chida chake chachikulu ndi chimodzi chokha, mpira waliwiro wokwera m'mwamba. Liwiro likatsika pang'ono pokha, womenya amauona.

Pa 9 Ogasiti ku New York Doolittle anataya mpata wa zigoli zitatu kwa Mets. Pa 17 Ogasiti ndinali m'galimoto pamalo oimikapo, wailesi ili pansipansi, ndikudikira nthawi yolowa ntchito. Tinkatsogola 11 kwa 8 pa Milwaukee Brewers pamene Doolittle analowa. Christian Yelich anamenya home run, mpira wouluka kudutsa mpanda. Mike Moustakas anamenya ina. Ryan Braun anamenya yachitatu. Masewerawo anapitirira mpaka chigawo cha 14, tinagonja 15 kwa 14, ndipo tsiku lotsatira anati Doolittle akudwala bondo, apume. Anthu amene mu Juni ankamuimbira m'manja ndi omwewo ankamunyoza.

Apa ndi pamene mtima wanga suli kumbali ya masapota anzanga. Mukudziwa ntchito yanga, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Foni yanga imalira pamene wina sanabwere ku ntchito, ndipo amene amavomera nthawi zonse ndi amene amaimbiridwanso mawa. Usiku ukatha bwino, gogo atamwa mankhwala, atatembenuzidwa pa nthawi yake, palibe amafunsa kuti analipo ndani. Dzina lako limadziwika tsiku limene zalakwika. Ndikamuona Doolittle atawerama pambuyo pa home run, sindiona munthu wolephera. Ndimaona munthu amene sanakane foni miyezi inayi yathunthu, chifukwa akuluakulu sanalembe womuthandiza.

Akuluakuluwo anayesa kusoka pong'ambika. Mu Juni anatenga Fernando Rodney wa ku Dominican Republic, wa zaka 42, wamkulu kuposa osewera onse mu ligi, amene Oakland inali itamutaya. Amavala chipewa chopendekera kumbali, ndipo akatseka masewera amakoka uta wosaoneka n'kuponya muvi kumwamba. Tsiku lina amaponya ngati mnyamata, tsiku lina amakukumbutsani zaka zake. Pa 31 Julayi, tsiku lomaliza kugulana osewera, anabweretsa atatu: Daniel Hudson kuchokera ku Toronto, Hunter Strickland ndi Roenis Elías kuchokera ku Seattle. Za Elías n'zoseketsa komanso zomvetsa chisoni. M'masewera ake oyamba enieni inakwana nthawi yoti iyeyo amenye. Anamuuza kuti angoima, asagwedeze ndodo. Iye anamenya, nathamanga, mnofu wa ntchafu n'kukokeka. Munthu wogulidwa kuti apulumutse timu anakakhala pabenchi mwezi wonse. Hudson yekha ndiye wakhazikika, iye amene chigongono chake chinang'ambidwa kawiri ndi madokotala ndipo mu Marichi analibe timu.

Ndipo ngati akufuna wina watsopano, timu yathu yachiwiri ili ku Fresno, ku California, tsidya lina la dziko. Mnyamata amauluka usiku wonse, n'kufika ali wotopa, n'kupatsidwa mpira.

Za pa 3 Sepitembala ndiyenera kukuuzani. Tinkatsalira pang'ono kwa Mets, bullpen inalowa m'chigawo chomaliza n'kuchinyitsa zigoli zisanu, zinthu zinafika pa 10 kwa 4. Anthu anayamba kutsika masitepe kuthamangira sitima ya pa Navy Yard. Otsalawo anaona zodabwitsa: omenya athu anabweza zigoli 7, Kurt Suzuki n'kumaliza ndi home run ya zigoli zitatu pa woponya wa Mets, Edwin Díaz. Tinapambana 11 kwa 10. Anzanga anakondwa sabata yonse. Ine ndinakondwa usiku umodzi, chifukwa timu imene imafunika chozizwitsa kuti ibise za oponya ake sipita patali.

Lamlungu lapitali Martinez anamva kuwawa m'chifuwa masewera ali mkati, anamutengera kuchipatala, ndipo madokotala anamuyeza mitsempha ya mtima. Timu ili ku St. Louis m'manja mwa womuthandiza, Chip Hale. Ndamva ena akuseka kuti bullpen ndiyo yamudwalitsa. Nthabwala imeneyo sinandikomere.

Tsopano tili pati? Atlanta Braves atithawa, malo oyamba m'gulu lathu tawaiwala. Chatsala ndi khomo laling'ono la wild card: matimu awiri mwa amene sanatsogole magulu awo amakumana kamodzi kokha pa 1 Okutobala, wogonja apite kwawo. Mutasewera masewera 162 kuyambira Marichi, zonse zikathere pa usiku umodzi. Tikulimbirana ndi Chicago Cubs ndi Brewers, ndipo Brewers, ngakhale Yelich anathyoka bondo pa 10 Sepitembala, akungopambanabe. Tikachoka ku St. Louis tipita ku Miami, kenaka masewera asanu m'masiku anayi ndi Philadelphia ya Bryce Harper, yemwe anatichoka chifukwa cha $330 miliyoni, n'kumaliza ndi Cleveland pa 29. Masewera asanu m'masiku anayi ndiwo akundiopsa, chifukwa pamenepo simungabise munthu aliyense. Foni ilira kwa onse.

Anthu a mumzinda uno ali ndi zipsera. Chifikireni timuyi kuchokera ku Montreal mu 2005, yalowa m'ndime yachipulula kanayi, mu 2012, 2014, 2016 ndi 2017, ndipo kanayi konse yagwera pakhomo loyamba. Mu 2012 inatsogola 6 kwa 0 pa St. Louis m'masewera omaliza, inalowa m'chigawo cha 9 ili pa 7 kwa 5, n'kugonja 9 kwa 7. Mukatchula dzina la Drew Storen, woponya wa usiku umenewo, munthu amangopukusa mutu. Pamene ndikulemba kalatayi, chikho cha World Series chinabwera ku Washington komaliza mu 1924.

Komabe maganizo anga ndi akuti chovuta chachikulu n'kufika mu Okutobala, osati kukhalamo. M'chipulula mumakhala masiku opuma pakati pa masewera, ndipo palibe chosungira mkono wa munthu. Mphunzitsi wolimba mtima atha kuyamba ndi Scherzer, akatopa n'kuitana Strasburg kapena Corbin kuchokera ku bullpen komweko, n'kusiyira Hudson ndi Doolittle zigawo ziwiri zomaliza. Oponya asanu kapena asanu ndi m'modzi akhoza kunyamula mwezi wonse. Ngati Martinez atachira n'kuchita zimenezo, timu ya Dodgers yomwe tikhoza kuivutitsa. Akabwerera ku chizolowezi chopatsa aliyense chigawo chake, pa 2 Okutobala ndidzakulemberani madzulo ngati kale.

Ndalama za feteleza nditumiza kumapeto kwa mwezi, mvula isanatipeze. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo amayi muwauze kuti ndikudya bwino.

Ndine mng'ono wanu.