Digiri yonseyi n'kukathera ku mkombaphala?

Anzanga amaseka ndikanena kuti ndikufuna kudzaphunzitsa pa yunivesite za maphunziro a ana a mkombaphala. Ati zaka zinayi zonsezi n'kukathera poimbitsa ana nyimbo?

Amene adandikopa ndi David Weikart. Mu 1962, ku Ypsilanti m'dziko la America, iye ndi anzake adayambitsa Perry Preschool. Adatenga ana 123 a m'mabanja osauka, ena n'kuwalowetsa sukuluyo, ena ayi, n'kumawatsatira mpaka atakula. Pofika zaka 40, amene adalowa aja ankapeza ndalama zochulukirapo ndipo sankamangidwa kawirikawiri ngati anzawo. Koma chondigwira mtima n'chakuti aphunzitsi a pasukulupo ankayendera makolo kunyumba sabata iliyonse.

Kwathu kuno alezi ambiri a m'ma CBCC amagwira ntchito mongodzipereka. Kafukufuku wathu timamulemba m'Chingerezi n'kukamusiya mu laibulale, ndipo mayi amene akutakasa phala la ana sadzamuona. Pa yunivesite munthu amakwezedwa ndi mapepala amene wasindikiza. Masiku okhala pamkeka ndi ana sawerengedwa kwenikweni. Ine ndikufuna zonse ziwiri, koma ndikuopa kuti malipiro ndiwo adzandisankhire.