Kanema Amakhala Watha Akaonekera Kunyumba kwa Mwini Wake

Ntchito yanga ndi kujambula ndi kukonza makanema a maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi miyambo yovundukula ziliza. Ambiri amayesa kuti chovuta pantchitoyi ndi kunyamula kamera tsiku lonse, perekani-perekani ali mkati, dzuwa likuswa mtengo. Kutopetsa kumatopetsadi, koma umisiri weniweni umaoneka pambuyo pake, kasitomala akabwerera ndi flash m'manja n'kunena kuti, "Achimwene, ukwati wathu uja sukuonekatu kunyumba." Pa kompyuta yanga kanemayo akuyenda bwinobwino. Pa TV ya kwawo wakana.

Mawu oti "koma kuno akuonekera" anyamata anga ndinawaletsa kulankhula. Munthu sanalipire ndalama kuti azidzaonera ukwati wake pa kompyuta yathu. Safunsa anadya phula, choncho ine ndimayamba ndi mafunso. Mukuonera pa chiyani, amayi? TV yanuyo munagula liti? Flash mukuibaya pa TV penipenipo kapena pa DVD player? Nanga chikuchitika n'chiyani: sakutseguka n'komwe, chithunzi chilipo koma mawu palibe, mawu akumveka koma pagalasi pali bii, kapena akuyenda modukiza? Yankho lililonse limaloza nthenda yakeyake.

Chimene chimasokoneza anthu ndi zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo. Akaona MP4 amati basi, iyi iseweredwa paliponse. Komatu MP4, MKV, AVI ndi MOV zili ngati envulopu chabe. Mkati mwake muli makalata awiri, ina ya chithunzi, ina ya mawu, ndipo iliyonse inalembedwa m'chilankhulo chake. Chilankhulo chimenecho ndicho codec, njira imene kamera inapanikizira chithunzi kapena mawu kuti zichepe. TV ikhoza kutsegula envulopu koma n'kulephera kuwerenga kalata imodzi kapena onse awiri. N'chifukwa chake kungosintha dzina la fayilo kuchoka pa MOV kupita pa MP4 sikuchiza vuto limeneli.

Ndisanasinthe chilichonse, ndimasuzumira mkati. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imandiuza codec ya chithunzi, ya mawu, kukula kwa chithunzicho ndiponso kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. VLC nayo imasonyeza zimenezi ukadina Ctrl ndi J kanema akuyenda. Pulogalamu imeneyi, imene anaiyamba ophunzira a ku École Centrale Paris ku France, ndimaikonda chifukwa imayenda ndi ma codec akeake ndipo imatsegula pafupifupi chilichonse. Pa chifukwa chomwecho siingakhale mboni yodalirika. Kanema akaonekera pa VLC sindiye kuti aonekeranso pa TV ya kwa apongozi. Mboni zanga ndi TV yakale ndi DVD player yokhala ndi pobayira flash, zimene ndimasunga pakona dala.

Mlandu umene umabwera kawirikawiri masiku ano ndi wa codec ya H.265, imene ena amaitcha HEVC. Kwa zaka zambiri tinkadalira H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo palibe foni, TV kapena kompyuta ya zaka zino imene siiwerenga. H.265 inabwera mu 2013. Imachepetsa fayilo kwambiri chithunzi chili chokongolabe, koma imafuna makina amene anapangidwa akuidziwa. Kuyambira mu 2017 mafoni a iPhone anayamba kujambula ndi HEVC, ndipo mafoni ena ndi makamera atsopano amatero nawonso. Ndiye mlongo wa mkwati akatumiza uthenga wake wa mafuno abwino kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, pa laputopu yakale mawu okha ndi amene amamveka, apo ayi chithunzi chimayenda mokoka miyendo. Pa Windows munthu akhoza kuwonjezera HEVC Video Extensions, koma TV yakale sungaiwonjezere kanthu. Mankhwala ake ndi kutembenuza kanemayo ndi pulogalamu ya HandBrake kapena ya FFmpeg kuti akhale wa H.264, wa 8-bit, mawu ake a AAC, m'fayilo ya MP4. Wa iPhone ndimamupempha kuti asanajambule asankhe Most Compatible m'makonzedwe a kamera.

Chithunzi chikamaoneka koma mawu kulibe, sindikhudza chithunzicho. Nthawi zambiri mawuwo amakhala a DTS kapena AC-3, ndipo makinawo sawadziwa. FFmpeg, imene Fabrice Bellard anaiyamba mu 2000, imandilola kutembenuza mawu okhawo, chithunzi n'kuchikopera mmene chilili. Chimodzimodzi TV ikakana MKV pamene mkati muli H.264 yabwinobwino: ndimangosamutsira zamkatizo mu MP4, ntchito ya kanthawi kochepa. Pamenepa ndimaumirira kwambiri, chifukwa nthawi iliyonse imene ukupanikizanso chithunzi, china chake chimatayika osabwereranso. Maluwa a pa chovala cha mkwatibwi amayamba kufufutika, nkhope za anthu a kumbuyo mu tchalitchi zimasungunuka. Mmisiri wabwino amasintha chokhacho chimene chavuta.

Nthawi zina kanema alibe mlandu, wolakwa ndi flash. Flash yofomatidwa ndi FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, ngakhale malo atatsala ambiri, pamene kanema wa ukwati wonse amapitirira pamenepo mosavuta. Ukaifomata ndi exFAT malirewo amachoka, koma ma TV ambiri akale exFAT saiwerenga. NTFS imayenda bwino pa Windows, koma kompyuta ya Mac imangoiwerenga, siilembapo popanda pulogalamu yowonjezera. Choncho kwa mwini TV yakale ndimadula kanemayo m'zigawo, cha kutchalitchi, cha kojambulitsa zithunzi ndi cha kuholo, n'kusiya flash ili pa FAT32. Palinso ma flash achinyengo amene amalemba kukula kumene alibe. Amalandira mafayilo ngati zonse zili bwino, koma a kumapeto amatuluka ovunda. Flash yatsopano iliyonse ndimayamba ndaiyeza ndi pulogalamu ya H2testw ndisanaikemo ntchito ya munthu.

Vuto limene limandiimitsa mutu ndi la fayilo imene sinatsekedwe. Makamera ambiri akamajambula MP4 kapena MOV amalemba mndandanda wa zamkati, wotchedwa moov, pomaliza penipeni. Batire ikatha kapena magetsi akazima kujambula kuli mkati, fayilo imaoneka yaikulu ndithu, koma palibe pulogalamu imene imaitsegula. Zithunzi zilimo, chasowa ndi cholozera. Apa lamulo langa ndi limodzi: memory card imeneyo isajambulidwenso kapena kufomatidwa. Ndimakopera fayiloyo pambali, n'kutenga ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo pa makonzedwe omwewo, ndipo pulogalamu ya untrunc imaonera pa yabwinoyo pomanganso mndandanda wa yowonongekayo. Sizitheka nthawi zonse, koma zikatheka, malumbiro a mkwati ndi mkwatibwi amene anthu anali atawalira kale amabwerera. Pojambula ndi kompyuta ndimasankha MKV, chifukwa magetsi akathima zimene zajambulidwa kale zimapulumuka.

A kwaya vuto lawo ndi la milomo. Mafoni amasinthasintha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi malinga ndi kuwala, ndipo kanema wotere ukamulowetsa m'pulogalamu yolumikizira, poyamba zonse zimagwirizana, koma pofika ndime yomaliza pakamwa pakutsekeka mawu akadali m'njira. Ndimayamba ndamutembenuza kuti zithunzi zikhale 25 pa sekondi mosasintha, mogwirizana ndi PAL imene ma TV a kuno anazolowera. Kwa agogo amene akufunabe chimbale, DVD ili ndi malamulo ake: MPEG-2, chithunzi cha 720 kwa 576. Kungoponya MP4 pa chimbale sikupanga DVD.

Anyamata ongoyamba kumene, kanema akakana, amathamangira pa intaneti kukatsitsa mulu wa ma codec osadziwika kumene achokera, n'kudzaza kompyuta ndi mavairasi ndi mapulogalamu olimbana okhaokha. Ine ndimawauza kuti ayambe adziwa chimene chili m'fayilo ndi chimene makina a kasitomala amatha kuwerenga. Ndipo funso loti "mukaonera pa chiyani?" lizifunsidwa tsiku lolandira dipoziti, osati tsiku la madandaulo.

Popereka ntchito ndimapereka mitundu itatu: wa pa TV, wopepuka wotumizirana pa WhatsApp, ndi fayilo yoyambirira yosapanikizidwanso. Yomalizayi ndimapempha banja kuti liisunge malo awiri. Ma codec amasintha. AV1 inatuluka mu 2018 ndipo ena adzabwera. Ukwati subwerezedwa, ndipo ena mwa ovina m'kanemamo ana a banjalo adzawadziwira momwemo. Amene ali ndi fayilo yoyambirira adzatha kuitembenuzira ku makina alionse a m'tsogolo. Tisanatsazikane, flash ija timaibaya pa TV yakale ija kasitomala akuona, ndipo ndalama yotsala ndimalandira akandiimbira kuti kunyumba nakonso waonekera.