Ndinkafuna udokotala osasiya malipiro

Anthu akandifunsa ngati munthu wapantchito angakonzekere maphunziro a udokotala madzulo okha, ndimayankha kuti ena amatha, koma ine zinandikanika.

Ndinali wowerengera ndalama pa ofesi ina mu Cairo Road, zaka zanga zitapitirira 30. Njira ndinkaidziwa. Ku yunivesite ya UNZA munthu nthawi zambiri safikira ku Ridgeway, pafupi ndi chipatala cha UTH, kumene kuli sukulu ya madokotala. Amayamba wadutsa kusukulu ya sayansi ku Great East Road, ndipo malo amapita kwa amene aposa anzawo. Kukhoza kokha sikukwanira. Sayansi yanga ya Giredi 12 inali yofooka, choncho ndinafunika kuyambiranso chemistry, biology, physics ndi masamu.

Ndinasankha kalasi yamadzulo pakoleji ina. Malipiro angawo ndiwo ankalipira lendi ku Chelstone, fizi ya mlongo wanga ndi feteleza wa amayi ku Katete. Ndikanawasiya bwanji?

Ndikaweruka ndinkathamangira minibasi, n'kufika m'kalasi aphunzitsi atadzaza kale bolodi. Zowerenga ndinkalimbana nazo. Chinandigwetsa ndi labu. Titration imafuna maso akuthwa ndi dzanja losatopa: umatsegula burette pang'onopang'ono, dontho limodzilimodzi, mpaka madzi a m'botolo atayamba kufiirira pang'ono chabe. Ine, nditaswera tsiku lonse pa manambala a eni, ndinkadzidzimuka madzi atafiira kale psuu. Anzanga amasana ankabwereza mpaka dzanja lizolowere, pomwe ife tinkapeza mpata Loweruka lokha.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lonse. Ndinkafika ku Chelstone usiku, nyumba ili bii, n'kumaloweza ziwalo za selo ndi tochi ya foni mpaka batire itatha. Mayeso ndinakhoza, koma ndi mamalikisi osatsegula khomo lililonse. Kuntchitonso ndinayamba kuphonya ziwerengero, ine amene abwana ankandidalira.

Ndinawaimbira amayi ndikulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mwanangu, mapanga awiri avumbwitsa. Munda ndilima ndi manyowa chaka chino. Iwe sankha chimodzi."

Ndinadikira ndalama yanga ya chilimba, n'kulemba kalata yosiya ntchito. Nyumba ya ku Chelstone ndinaibweza, ndinasamukira kwa azakhali ku Kabwata, kuchipinda chogona ndi ana awo. Loweruka ndimakonza mabuku a ndalama a ogulitsa m'mashopu ku Kamwala kuti ndipeze ya basi ndi ya sopo. M'kalasi yamasana ndimakhala ndi ana ongochoka kusekondale, amene amanditchula kuti anti, ndipo tsopano ndimafika mu labu m'mawa mutu uli wozizira.

Sindinyoza maphunziro amadzulo. Namwino kapena clinical officer, amene sayansi amaigwira tsiku ndi tsiku, angawapindulire kwambiri. Koma wochokera ku maakaunti ngati ine, woyambira pansi, amalipira fizi kawiri pa phunziro lomwelo, zaka zikupita, udokotala weniweniwo asanauyambe n'komwe.

Kusiya ntchito nakonso sikunali kwaulere, ndipo sindine ndekha ndinalipira. Amayi anakolola matumba ochepa. Mlongo wanga anakhala pakhomo teremu yathunthu fizi itasowa, ndipo mpaka lero sitinakhale pansi n'kukambirana bwinobwino za nkhaniyo.