Nkhani inali ya Ngwazi, lero ndi ya ndani?

Mlembi wa nkhani ino anakulira pakhomo pomwe wailesi ya bambo ake inkangogwira MBC basi. Masiku amenewo mtolankhani sankavutika kusankha. Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda akapita kukayendera mbewu m'minda, amayi akuvina, imeneyo ndiyo inali nkhani yoyamba, ndipo Daily Times ndi Boma Lathu zinkalondola momwemo.

Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zinaphedwa ku Mwanza. Mtundu unangouzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Akuluakulu pakhomopo ananong'onezana pang'ono, kenaka anauza ana kuti akagone.

Zinthu zinatembenuka pa 8 March 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi. Pofika referendamu ya pa 14 June 1993, nyuzipepala zatsopano zinali mbwee m'misewu ya Blantyre, ndipo chaka chomwecho Aleke Banda anayambitsa The Nation. Kuyambira pamenepo, nkhani inakhala chinthu chimene akuluakulu a boma akufuna kubisa. N'chifukwa chake mu 2013, mkulu wa bajeti ya boma Paul Mphwiyo atawomberedwa, atolankhani anakakamira kukumba za Cashgate mpaka dziko lonse linadziwa momwe ndalama za boma zinkatulukira ku Capital Hill.

Munthu wamba naye anapeza malo. Madzulo anthu ankaunjikana pa wailesi kumvera Nkhani za M'maboma: ufiti, mikangano ya ufumu, bambo wothawa banja. Koma wakumudzi ankatchulidwa makamaka akachita zodabwitsa.

Lero foni imafika msanga kuposa mtolankhani. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, anthu ankatumizirana uthengawo boma lisanalengeze pa 7 April. Tsopano chofala pa WhatsApp ndi Facebook m'mawa chimakhala mutu wa nkhani madzulo.

Chomwe chikumupweteka mlembiyu n'chakuti mjigo wa kwawo unakhala miyezi uli wowonongeka, amayi akutunga madzi kudambo, popanda wolembapo kanthu. Makamera anafika kolera itatenga anthu. Atolankhani athu, ufulu umene akuluakulu a pakhomo aja analibe muli nawo. Pitani kumidzi mukafunse za mjigo maliro asanachitike.